Andikalipira m'Chingerezi chifukwa cha kalata

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Amuna anga a Stafford ndi mphunzitsi, mmodzi mwa aja analembedwa mwachangu sukulu itangokhala yaulere. Mwezi watha inabwera kalata yomwe ankaidikira, yowaitana kukoleji ya aphunzitsi. Ndinalandira ndine, ndipo ndisaname, ndinaibisa m'dengu la nandolo. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndiye mkamwini akatuluka ndi sutikesi sudziwa ngati adzabwerere. Mwamuna wa mchemwali wanga anapita kukosi ya miyezi itatu, chaka chino n'chachinayi.

Loweruka kunafika wogula nandolo. Pokhuthulira m'ndowa, kalata ija balamanthu, eni ake ali pomwepo! Sanakuwe ayi. Anangoti, “Felista, you are holding me back.” Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo kufunsa aphunzitsi anzawo n'kudzivula pagulu. Kukolejiko akufunika Lolemba likubwerali, koma akuti sapitanso. Kodi ananditukwana, kapena ukwati watha?

F.G., Chiwalo, Phalombe

Mayi F.G.,

Pumani kaye, sanakutukwaneni, ndipo mawu othetsa ukwati mulibemo. “Hold back” n'kutsekereza munthu kuti asapite patsogolo, ngati kugwira kaliyala ya njinga mwini wake akupalasa. Mawuwa amawanenanso matenda kapena umphawi ukamalepheretsa mwana kukhoza kusukulu. Wotsekerezedwayo amatchulidwa pakati pa mawu awiriwo, ndiye “me” ujayo ndi a Stafford, “you” ndinuyo. Apatu sananame. Kalata ya munthu m'nandolo, inu mayi, mumati aidye anankafumbwe?

Mantha anu ndikuwamvetsa, koma mlamu wanu wothawayo si a Stafford. Pepesani lero lomwe, m'Chichewa chomwechi, ndipo muwauze poyera kuti mumaopa kusiyidwa. Kenako itanani ankhoswe a mbali zonse, mugwirizane pamaso pawo za tchuthi, kuti azibwera liti komanso inu muzikawaona liti. Zikatero chapani malaya, kazingani mtedza wa panjira, Lamulungu muwaperekeze nokha kokwerera matola, sutikesi ili pamutu panu.

Chenjerani ndi mawu akuti “sindipitanso”, musawasangalalire. Akatsala chifukwa cha inu mudzakhaladi ndi mwamuna pakhomo, koma nthawi zonse mnzawo akakwezedwa pantchito azidzayang'ana inu, mpaka imvi.

Aphungu