Mapichesi a Bambo ku Tsangano

Achemwali,

Amalume a Fanuel andilakwira, koma ndiyambe ndi moni. Kuno tili bwino, mwendo wa amayi unaphwa.

Nditaona zithunzi zanu za ku Japan, anthu akucheza pansi pa mitengo yamaluwa kupaki, ndinadikira nyengo yake kuti nanenso ndikujambulireni mapichesi aja anabzala bambo atabwera kuchokera ku Joni. Loweruka ndinapita ku Tsangano, ndinangopeza zitsa. Amalume anadula mitengo yonse kuti abzale kachewere.

Akuti, "Maluwa amadyedwa, mwanawe?"

Ndinati, "Nanga mapichesi amene munkadzaza m'thumba aja anali miyala?"

Zitsa zitatu zaphukira. Ndazitchingira ndi minga, ndipo ndizipitako mlungu uliwonse, munda ndi wa amayi. Jekete munawalonjeza amalume lija musatumize.

Mulungu akusungeni. Nkhaniyi sindidzaitchulanso.

Mng'ono wanu,
Tiyamike