Mpando Wanga Uli Pakhomo pa Apongozi

Aphungu,

Mundimasulire za madzi kaye, za ukwati pambuyo. Mukudziwa kuti kuno mumzinda wa Barranquilla mvula ikagwa msewu umasanduka mtsinje, aliyense nkumatulutsa zinyalala kuti madzi atenge. Amayi amati, "Fulumira mwanawe, galimoto yaulere ikudutsa." Ndiye Lachiwiri lapitali ndinaponyamo mpando wathu wa sofa wobiriwira, wothyoka mwendo.

Ine ndimayesa zonse zimakathera kunyanja. Koma mpandowo unakatseka kamlatho kumunsi, madzi akuda bii nkulowa m'nyumba zisanu. Imodzi ndi ya a Efraín, bambo ake a Yuleidis, mtsikana amene ndikukwatira mu Disembala. Makina awo osokera anawonongeka. Mpandowo auimika pakhomo, ndipo Lamulungu anandiuza kuti, "Mkamwini, mwini wake ndikampeza adya thonje lonseli popanda madzi." Yuleidis anangoyang'ana kudenga, chonsecho wakhala pampandowo zaka ziwiri akamabwera kwathu.

Kodi chinthu cholemera chotero chimayenda bwanji makilomita atatu? Nanga zinyalala za anzanga zonse zija zimakatsikira kuti? Ndipo ndiulule? Ndili ndi mantha.

W. O., Barranquilla

A W. O.,

Madzi akagwera pa simenti amasowa polowera pansi, ndiye amangosonkhana nkumathamanga. Amakokolola ndi mabasi omwe, mpando wanu ndi chiyani? Zimene sizikodwa pamlatho, matewera, mafuta a galimoto, agalu akufa, zimakafika kumtsinje ndi kudambo, komwe kumachokera nsomba zomwe mumakazinga Loweruka. Mwakhala mukudzitumizira nokha katundu.

Pitani kwa a Efraín mawa, musanaitanidwe. Nenani mosazungulira, konzetsani makinawo, ndipo mugogodenso pa nyumba zinayi zija, pakuti nazonso muli anthu. Kenako tengani fosholo, itanani anzanu mukachotse zinyalala pakamlathoko mvula ina isanagwe. Zinthu zazikulu muzifunsa otola zinyalala tsiku lomwe amanyamula. Amayi muwauze mwaulemu kuti galimoto yawo yaulere ija imatsitsa katundu pabalaza pa asewele awo.

A Efraín akalipa ndithu, mwina mpaka msewu wonse umva. Pirirani, mkwiyo wa munthu wouzidwa zoona sugonera.

Koma chenjerani ndi chete wa Yuleidis, musamuyese chikondi chokubisani. Mpando anauzindikira tsiku lomwelo. Amene akuyembekeza kumuzindikira tsopano ndi mwamuna woti akwatiwe naye.