Ndinawaimba mlandu wa imfa ya mwana

Aphungu,

Mu 1999 ndinakhala pakhonde ku Chirimba, ndikuyang'ana m'maso mwa khanda langa lachiwiri. Maso ake anali achikasu ngati papaya. Linamwalira tsiku lachinayi. Azakhali anga anangoti, "Bamboyo wayenda kunjira, wamsempha mwana." Amuna anga, a Gracian, anakana mpaka kulira. Sindinawakhulupirire, ndipo banja linatha.

Mwezi watha ndinaperekeza Stacy, mkazi wa mwana wanga woyamba, kusikelo ku Limbe. Namwino anafotokoza pang'onopang'ono, osakalipa: "Amayi ena ali ndi magazi a mtundu wa Rh negetivu. Mwana akatengera mtundu wa bambo, thupi la mayi limatha kupanga asilikali olimbana ndi magazi a mwanayo, makamaka pa mimba yotsatira. N'chifukwa chake timayeza." Zotsatira za Stacy zinatuluka bwino, ndinapumira m'mwamba. Kenako ndinayezetsa anga. Ndine negetivu, Aphungu.

Mtima wapepuka, koma manyazi andigwira. A Gracian, omwe amagwirabe ntchito ku Makata, avomera kuti tikumane Loweruka m'tauni. Ndikawauze chiyani?

E.M., Chirimba

Mayi E.M.,

Namwino uja ndamuthokoza. Mphindi zisanu zomwe anakupatsani zikanaperekedwa kale, mwina simukanasenza zimenezi zaka zonsezi.

Koma musathamange. Mtundu wa magazi anu pawokha sukutsimikiza chomwe chinatenga mwanayo, popeza chikasu chili ndi zoyambitsa zingapo. Lisanafike Loweruka pitani kwa dokotala ndi mabuku anu akale a kuchipatala ngati alipo, mumufotokozere zonse, mufunsenso ngati angayeze asilikali aja.

Kwa a Gracian musakayambe ndi nkhani ya magazi. Mukanene kuti, "Ndinakuimbani mlandu wopanda umboni, pepani." Mukatero mukhale chete. Nawonso anaika mwana m'manda, ndipo palibe anawapepesa.

Auzeninso achemwali anu ndi ana awo aakazi kuti adziwe mtundu wa magazi awo, asamaope kufunsa kusikelo chomwe chikuyezedwa. Pali jakisoni woteteza yemwe mayi wa negetivu amabayidwa, makamaka pasanathe masiku atatu atachira. Afunse msanga komwe akupezeka.

Chenjezo langa ndi ili: musapite Loweruka kukalandira chikhululukiro. Mwina sakupatsani tsiku lomwelo. Pitani kukawachotsera mlandu, basi.