Kobili la mizele itatu

Lachinayi, mwezi wa Okutobala, ku Nyimba

Lelo kwatentha, ndipo mtima wanga suli m'malo. Chiyambile kutolela makobili akale amkuwa, wogulitsa amene ndimamukhulupilila ndi mmodzi yekha, a Lungu okonza njinga pamsika. Enawa amakwilila makobili wamba m'khola kuti achite dzimbili, n'kumati ndi amakedzana, ngati kuti sindidziwa ndalama za nthawi ya Chitaganya.

Mailo, Lachitatu, a Lungu anandibweletsela kobili lalikulu la Apwitikizi, lolemela bwino, lochekedwa mizele itatu m'mphepete. Ndinalipila mtengo wa mbuzi ziwili osanyinyilika.

Masana ano ndinalionetsa amai Mwanza, ophika pasukulu pathu. Analitembenuza kamodzi, n'kulibweza msanga, akupukuta dzanja pachitenje.

"Aphunzitsi, mizele iyi anacheka ndi atate anga. Tinawaika m'manda ku Kalindawalo lili m'manja mwawo."

Zaka zonsezi ndimafunsa a Lungu ngati mkuwawo ndi weniweni, koma sindinawafunsepo kumene amaupeza. M'chitini changa muli ena asanu ndi awili ochokela kwa iwo. Chitinicho ndachitulutsa m'nyumba, ndachiika pansi pa nkhokwe. Sindikudziwa kuti enawo anachoka m'manda a atate a yani.