Njinga Ibwerera ku Lusaka

Lachinayi, mvula tsiku lonse.

Ntchito yanga yatha. Atiuza m'mawa pa msonkhano wa pa foni kuti kampani yathu, yomwe inapanga pulogalamu ya kompyuta ya m'matabuleti a zipatala, sikufunanso anthu oyendayenda m'maboma. China chikavuta, anamwino azilemba dandaulo pa intaneti, a ku Lusaka n'kukonza ali konko.

Zifukwa zawo ndaziwerenga modekha, ndipo sananame. Mafuta a njinga yamoto ndi odula, komanso maulendo anga ambiri a ku Chikwa ndi ku Kambombo anali ongokazimitsa tabuleti ndi kuiyatsanso. Ndikanakhala pampando wawo, mwina nanenso ndikanadula pomwepo.

Masana aimba Ba Nyirenda, namwino wa ku Chifunda, ataima pachulu paja pamene netiweki imagwira. Tabuleti yawo yakana kuyaka, ndipo mayina onse a amayi a sikelo ali momwemo.

"Manje muzilemba pa intaneti, Sisita," ndawauza.

"Ndilembe ndi chiyani, Ba Goma? Ndi yakufayi?"

Akuti adzakweranso pachulu mawa m'mawa kuti amve ngati ndanyamuka kupita kwawoko. Galimoto ya kampani yodzatenga njinga ikufika m'mawa womwewo.