Pepala Limene Munasaina, Achimwene

Manjawira, Ntcheu
20 Julayi 2018

Okondedwa achimwene a Mfundo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Blantyre kumeneko pamodzi ndi alamu anga a Sibongile. Ife kuno tadzuka, kungoti mwendo wa amayi wayambanso kutupa. Kalatayi ndapatsira a Fabiano poti foni yanga mwasiya kuyankha.

Mukudziwa kuti papita zaka zitatu chimalizireni sukulu ya zamalamulo. Anzanga anathamangira milandu ya malo ndi ya mabanki, pano akuyenda pa galimoto zawo. Ine ndinakakamira malamulo oteteza oyimba, ndipo chifukwa chake ndinu, woyimba wa m'banja mwathu. Munkati mlongo wanu akadzakhala loya, palibe adzakudyereni masuku pamutu. Ndagogoda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Kulikonse amandiseka, ati oyimba a kuno amasainira pa boneti ya galimoto, loya ngwachiyani.

Kumapeto kwa Juni, a Maynard, amene ali ndi ofesi yoona za oyimba ku Lilongwe, anati andilemba ntchito ndikawabweretsera woyimba mmodzi wodziwika. Ndinakuimbirani tsiku lomwelo. Munaseka, munati zimenezo n'zazing'ono, tikakumane komweko Lachisanu. Amayi anandisitira jekete, nauza amayi onse a Mvano kuti mwana wawo wapeza ntchito.

Ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali kukhomo. Kenaka a Maynard anandiitana. Anati inu munabwera kale Lolemba, munasaina, ndipo munapempha kuti nkhani zanu asagwire wachibale, poti mlongo wanu sanagwirepo ntchito, angaphunzirire pa inu. Anati popeza woyimbayo anabwera yekha, ine sindinabweretse munthu.

Achimwene, dzina la ofesiyo munalimva kwa ine. Njira ndinakulozerani ndine. Mukanandiuza maso ndi maso kuti simundikhulupirira, ndikanalira tsiku limodzi n'kuiwala. Koma kundisiya pa benchi ndikumwetulira aliyense wolowa, inu mukudziwa kuti simubwera! Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe.

Tsopano ndiulule changa. A Maynard, kaya pofuna kunditonthoza kaya podzitama, anandipatsa kontrakiti yanuyo kuti ndione mmene akatswiri amalembera. Ndinaiwerenga yonse. Ndime yachisanu ndi chinayi ikuti nyimbo zanu zonse, zakale ndi zimene mudzajambule, ndi za kampani imene iwo amaiimira, mpaka kalekale. Pa mndandandawo pali nyimbo zinayi za ngoma zimene malemu bambo anapeka ali ku migodi ya ku Joni, zija tinaimba powaika m'manda. Mwalembetsa kuti munapeka ndinu. Gulu la ngoma la kwathu likadzafuna kuzijambula, lidzayamba lakapempha chilolezo ku Lilongwe.

Ndinaona zonsezo, ndinabweza pepalalo, ndinati lalembedwa bwino. M'basi ndinkati mumtima, asiyeni, adzazionera okha. Ndakhala chete masabata awiri, ndipo sindinama, masiku ena zinkandikomera.

Dzulo amayi ankasankha mbewu ya mbatata ya kachewere pakhonde, akung'ung'udza nyimbo ija bambo ankadandaula za mkazi amene anamusiya ndi khasu. Sakudziwa kuti nyimbo imene anawapekera amuna awo ili ndi mwini wina tsopano. Ndinalowa m'nyumba, manyazi atandigwira.

Mverani tsono. Pansi pa tsamba lomaliza, m'zilembo zing'onozing'ono, akuti mukhoza kubweza mawu pasanathe masiku makumi atatu. Atsala khumi ndi awiri. M'envulopu momwemu muli kalata yothetsa mgwirizanowo. Sainani, mukaipereke nokha, ndipo akudindireni pa kope lanu. Sindikuchitira inu, mtima wanga sunafike pamenepo. Ndikuchitira bambo.

Kalata yothetsa mgwirizanoyo ndi yoyamba imene ndalemba ngati loya, ndipo ikulanda kasitomala wa ofesi yokhayo imene inandilonjezapo ntchito. A Maynard akangoiwerenga adzadziwa amene walemba. Dzina langa ndaika kale pansi pake, kuti asavutike kufunsa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana. Amayi akuti mubwere adzakuoneni. Mulungu akusungeni, ndipo akupatseni maso owerengera.

Ndine mlongo wanu,
Tikondwe