Mazira Atatu a Keke ya Khirisimasi

Nabvutika, Chipata
14 Disembala 2024

Mazira ogula: 12
Ofunika mu keke: 8
Oyenera kutsala: 4

Wokondedwa Hazel, mwana wa mlongo wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse ku Kitweko. Kuno mvula yayamba, ine ndilipo.

Dzulo ndinaphika keke ya Khirisimasi ija agogo ako anaphunzira ku Tamanda. Aka ndi ka 41 kuiphika ine. Mphesa zouma ndinaziviika mu tiyi masiku atatu, makala ndinaika pansi ndi pamwamba pa mphika monga mwa nthawi zonse. Koma yatuluka yolemera, pakati pali ponyowa.

Nditawerenga zigoba za mazira, ndinapeza 11. Ndinawerenga kanayi. Atatu enawo sindikukumbuka kuti ndinawaswa liti, ine amene ndinaphunzitsa masamu zaka 32! Sabata yatha makiyi ndinawapeza m'chitini cha shuga, koma izo tizisiye.

Miyeso ya kekeyi sinalembedwe paliponse, ili m'mutu mwangamu basi. Bwera Khirisimasi isanafike, utenge kope ndi cholembera. Usanene kuti chaka chamawa. Abambo ako usawauze kaye.

Oyenera kutsala: 4
Otsala: 1
Amene sindikuwakumbuka: 3

Ndine azakhali ako,
Emily Sakala